Ndathyoka mwendo ku England: ndibwerere ku Chilomoni kapena ndidikire?

Makalata awiri a mwezi uno achokera kwa anthu a mu Blantyre amene anakumana ndi ngozi ali pa tchuthi kutsidya kwa nyanja. Yoyamba inkafunika yankho lamsanga, choncho mayi amene anailemba ndinawayankha tsiku lomwe inafika, ndipo avomera kuti tiisindikize pano pamodzi ndi yankho lake.

FUNSO

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 63, mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo kwathu ndi ku Chilomoni, ngakhale kuti kalatayi ndikulembera ku Leeds m'dziko la England, kumene ndinabwera kumayambiriro kwa Disembala kudzacheza ndi mwana wanga wamkazi amene ndi namwino kuno. Ulendowu ndinaukonzekera zaka ziwiri. Tikiti ya ndege anagula ndi mwana wangayo, koma ndalama zoyendera ndinasunga ndekha kuchokera ku penshoni ndi ku banki m'khonde, chifukwa sindinkafuna kukhala mlendo wopempha ngakhale ya sopo. Chimene mtima wanga unkalakalaka koposa chinali kukaona Blantyre wa ku Scotland, kumene anabadwira David Livingstone, pakuti ndaphunzitsa ana za malo amenewo kwa zaka zoposa 30 osawaona ndi maso, ndipo amayi anzanga a Mvano ndinawalonjeza zithunzi.

Tsiku lachisanu nditafika, ndikuperekeza mdzukulu wanga ku sukulu m'mawa, ndinaterereka pa madzi oundana amene sindinawaone n'komwe, pakhomo penipeni, ndipo ndinathyoka fupa la pa kakolo wa kumanja. Ku chipatala anandijambula, anandimanga chikhakha chofika m'munsi mwa bondo, n'kundiuza kuti mwendowu ndisaupondere kwa milungu 6. Akuti opaleshoni mwina siifunika, koma adzatsimikiza akandijambulanso sabata ya mawa. Matikiti a sitima ndi malo ogona ku Glasgow, mzinda wa pafupi ndi Blantyre wa ku Scotland, tinali titalipiriratu.

Tsopano tsiku lonse ndimangokhala pa sofa. Bafa ndi zipinda zogona zili pamwamba, ndipo mwana wanga akakhala pa ntchito ya usiku, amene amandigwirizira pokwera masitepe ndi mkamwini wanga. Ndi mwana waulemu, sanadandaulepo, koma manyazi amene ndimachita ndi osaneneka, moti madzulo ndasiya kumwa madzi kuti usiku ndisadzutse munthu. Dzulo kwabwera kalata ya ku chipatala yofunsa ngati ndine mlendo m'dziko muno, ndipo sindinagone poganiza za bilu. Inshulansi ya ulendo ilipo, anagula mwana wanga, koma sitinawaimbire chifukwa sitikudziwa ngati kuterereka pakhomo amalipira. Kumudzi ena akuti ndi ntchito ya anthu ansanje, pamene achemwali anga akuti ndibwerere msanga akandithowe. Tikiti yanga yobwerera ndi ya pa 10 Januwale, koma ndikufuna kuisintha kuti ndinyamuke sabata ino, ndikadwalire kwathu. Kodi ndikuganiza bwino?

Mayi wa ku Chilomoni

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri ndi ngoziyi. Yankho langa ndi lakuti musanyamuke sabata ino, ndipo chifukwa choyamba mwachitchula nokha m'kalata yanu: madokotala sanamalize kuona mwendo wanu. Fupa la pa kakolo likathyoka, masiku oyambirira mwendo umakhala wotupa, ndipo kutupako kukamaphwa chikhakha chimayamba kukhwefuka, moti fupa limene linakhala pamalo pake likhoza kusuntha mwini wake osadziwa. N'chifukwa chake akufuna kukujambulaninso. Akapeza kuti lili m'malo mwake, mupitiriza ndi chikhakha; akapeza kuti lasuntha, pafunika opaleshoni yoika zitsulo, ndipo nkhani yotereyi ndi bwino muimve muli pafupi ndi madokotala amene anakuonani tsiku loyamba, osati mutafika kale ku Chilomoni mwendo utapotoka. Akuluakulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo pa nkhani yanuyi mwambiwu mukhoza kuumva monga momwe mawu ake alili.

Chifukwa chachiwiri ndi ulendo weniweniwo. Palibe ndege yochoka ku Britain n'kudzatera ku Chileka osasintha. Muyenera kudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo kuchoka ku London kufika ku Johannesburg kokha ndi maola pafupifupi 11 muli chikhalire, mwendo uli lende. Munthu amene mwendo wake wamangidwa chikhakha amakhala kale pa chiopsezo chakuti magazi aundane m'mitsempha ya mkati mwa mwendo, chifukwa minofu ya katumba imene imakankhira magazi kumtunda siikugwira ntchito. Mukaphatikizapo msinkhu wanu, kukhala malo amodzi maola ochuluka chonchi, ndi kusamwa madzi kumene mwayambaku, chiopsezocho chimakula. Magazi oundanawo akasuntha n'kukafika m'mapapo amatha kupha munthu. Choncho lero lomwe yambiraninso kumwa madzi mokwanira, muzigwedeza zala za kuphazi pafupipafupi, mwendo muziutsamiritsa pa mapilo, ndipo mukapita kukajambulidwa mukafunse ngati mukufunika mankhwala oteteza magazi kuundana, amene nthawi zambiri amakhala jakisoni wobaya pamimba tsiku ndi tsiku. Mwana wanu ndi namwino, zimenezi akuzidziwa, koma mwina sakudziwa kuti amayi ake asiya kumwa madzi chifukwa cha manyazi. Muuzeni. Mukamva kupweteka kwachilendo m'katumba, mukaona kuti zala zatupa kwambiri, zachita dzanzi kapena zasintha mtundu, imbani 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo kumeneko, nthawi yomweyo kapena bwererani ku chipatala. Mukayamba kubanika kapena kumva kupweteka m'chifuwa, imbani 999, nambala yoitanira ambulansi, osadikira kuti kuche.

Za kuthowa, achemwali anu akunena chifukwa cha chikondi, koma madzi otentha ndi kusisita zimathandiza mnofu wotopa, osati fupa lothyoka. Chikhakha sichifuna madzi, ndipo mkati mukamayabwa musalowetsemo singano yolukira kapena kamtengo, chifukwa khungu likakalika mkatimo limachita chilonda chimene simungachione. Za anthu ansanje sinditaya nthawi. Madzi oundana a m'nyengo yozizira amagwetsa ngakhale anthu amene anabadwira komweko, amene ku Chilomoni sakudziwika ndi munthu aliyense. Tsoka silinunkha, ndipo si bwino kuti mubwerere kwanu mukuyang'ana anansi anu ndi diso lokayika pa chinthu chimene chinachitika pa mtunda wa makilomita masauzande ambiri.

Tibwere ku kalata imene yakusowetsani tulo. Ku England chithandizo chimene munthu amalandira ku dipatimenti ya ngozi, imene iwo amaitcha A&E, ndi chaulere kwa aliyense, ngakhale mlendo, ndipo kuonana ndi dokotala wa m'dera, amene amamutcha GP, nakonso salipiritsa. Kulipira kumayamba munthu akagonekedwa m'chipatala kapena akamabwerera pa masiku amene wapatsidwa kuti akaonedwenso, monga mmene mukachitire sabata ya mawa. Pamenepo mlendo wochokera ku dziko ngati lathu amalipira 150 peresenti ya mtengo umene NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma kumeneko, imawerengera chithandizocho. Ndalamazi si zochepa kwa munthu wolandira penshoni ya makwacha, makamaka chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene wayesapo kupeza ndalama zakunja m'mabanki a kuno ku Blantyre akudziwa kuti simungadalire kuti abale akutumizirani mapaundi msanga. Komabe kalatayo musaibise pansi pa pilo. Ngongole ya chipatala yokwana mapaundi 500 kapena kuposa, ikatha miyezi iwiri osalipidwa komanso popanda mgwirizano wa kalipiridwe, imaperekedwa ku Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko la Britain, ndipo ikhoza kuchititsa kuti adzakukanizeni viza mukadzafuna kukaonanso adzukulu anu. Chipatala chimakhala ndi ofesi yoona za alendo ochokera kunja. Yankhani mafunso awo moona, apatseni nambala ya inshulansi yanu, ndipo apempheni akulembereni mtengo wa chithandizo chimene chatsala. Ngati zina zidzafunika kulipira nokha, mukhoza kugwirizana nawo zolipira pang'onopang'ono. Dziwaninso kuti chithandizo chimene dokotala wanena kuti ndi chofunika mwachangu sachiimitsa chifukwa chakuti munthu sanalipire.

Chimene chandidetsa nkhawa koposa bilu ndi chakuti simunaimbire a inshulansi. Kugwa mwangozi ndi chimodzi mwa zinthu zenizeni zimene inshulansi ya ulendo imagulidwira, ndipo kaya munagwera pakhomo kaya pa phiri la Ben Nevis, kuthyoka n'kumodzi. Vuto ndi kuchedwa. Makampani ambiri amafuna kuuzidwa msanga, ndipo amatha kukana kubweza ndalama zimene munthu wawononga asanawafunse, makamaka za kusintha tikiti ya ndege. Mukanasintha tikiti sabata ino mwa inu nokha, mwina ndalama imeneyo ikanapita osabweranso. Pa pepala la inshulansi pamakhala nambala ya foni yoyankhidwa usana ndi usiku. Mwana wanu aimbe muli pomwepo, alembe nambala ya nkhani yanu imene apatsidwe, dzina la amene walankhula naye ndi tsiku lake, kenako atumize imelo yobwereza zimene mwagwirizana, chifukwa mawu a pa foni amauluka. Afunse ngati kampaniyo ilipira chipatala mwachindunji kapena muyenera kulipira kaye n'kudzabwezeredwa. Afunse ngati inshulansiyo ipitirira kugwira ntchito mukakhalitsa kupyola pa 10 Januwale chifukwa cha matendawa. Afunsenso ngati ilipira mpando wowonjezera m'ndege kapena munthu wokuperekezani dokotala akanena kuti n'zofunika. Adzakufunsani za matenda ena amene muli nawo, monga kuthamanga kwa magazi kapena shuga. Nenani zoona, chifukwa makalata a chipatala adzawaona ndithu. Kuyambira lero pezani envelopu imodzi yaikulu, muziikamo lisiti ina iliyonse, ngakhale ya takisi yopitira ku chipatala kapena ya mankhwala opha ululu, ndipo pepala lililonse muzilijambulanso pa foni.

Za matikiti a sitima ndi malo ogona ku Glasgow, alembereni mwaulemu, mutumize ndi kalata ya chipatala, mupemphe kuti akusinthireni tsiku ngati kubweza ndalama sikutheka. Akakana, apempheni akane molemba, popeza a inshulansi adzafuna umboni umenewo. Onaninso tsiku limene viza yanu ikutha. Viza wamba ya alendo imalola kukhala mpaka miyezi 6, choncho kuwonjezera milungu iwiri kapena itatu sikuyenera kuvuta, koma tsikulo mulione ndi maso anu, musangoganizira. Ngati muli ndi mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku ndipo munatenga ongokwanira mpaka pa 10 Januwale, awerengeni tsopano, mukaonane ndi GP asanathe. Ena adzakuuzani kuti mupite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London. Ofesiyo ndi yofunika pasipoti ikatayika kapena pakagwa zovuta, koma mabilu a chipatala a anthu oyenda pa ulendo wawo si ntchito yake.

Tsopano ndinene za chimene ndikuona kuti ndicho chikukuthamangitsani kwenikweni, pakuti m'kalata yanu ululu wa mwendo simunautchule n'komwe, koma manyazi mwawafotokoza bwinobwino. Mayi wa Chimalawi amene wakhala akudziyendetsera nyumba yake, amene anakana kupempha ngakhale ya sopo, kuti lero azigwiriziridwa ndi mkamwini popita ku bafa, n'zopweteka ndithu, ndipo sindikuuzani kuti muzione ngati nkhani yaing'ono. Mwambo wopatsana ulemu pakati pa mpongozi ndi mkamwini uli ndi nzeru yake. Koma vutoli ndi la masitepe, ndipo masitepe ali ndi njira yowazembera yosafuna tikiti ya ndege. Pemphani kuti akutsitsireni bedi kapena matiresi abwino m'chipinda chochezeramo. Pali mipando yokhala ndi chitini pansi, yopangidwira odwala amene sangafike ku chimbudzi usiku, ndipo mwana wanu akudziwa kumene imapezeka. Kusamba mukhoza kusambira m'beseni muli pa mpando, monga momwe tonse timachitira madzi akasiya kutuluka m'mipopi, ndipo kukwera pamwamba kuzichitika pa masiku amene mwana wanu ali pakhomo. Mukatero mkamwini atsala ndi ntchito zimene mwambo sukaniza: kukutengerani tiyi, kukuperekezani ku chipatala, ndi kukankha chikuku.

Mulankhule ndi mwana wanu momasuka, awiriwiri. Ndikukhulupirira kuti iyenso ali ndi zake mumtima, mwina akudziimba mlandu kuti anakuitanani m'nyengo yozizira, mwinanso mukamakamba zobwerera sabata ino akumva ngati sakukusamalirani mokwanira. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwana amene munamubereka kumbuyo mpatseni mpata akusamalireni milungu yochepayi, chifukwa akukhala kutali, ndipo mpata wotere sadzaupeza kawirikawiri. Inunso simunasanduke katundu. Manja ali bwino, mutu uli bwino. Nyemba mukhoza kusankha muli pa sofa pomwepo, masamba mukhoza kudula, ndipo mdzukulu amene akukulira ku Leeds ali ndi mphunzitsi amene waphunzitsa zaka zoposa 30 m'nyumba, amene sangathe kuthawira kwina kulikonse. Muphunzitseni kupereka moni, kuwerenga, ndi nthano ziwiri zitatu za Kalulu m'Chichewa. Mukanakhala ndi miyendo yonse iwiri mukanatha masikuwa m'masitolo ndi m'masitima.

Kukhumudwa musakuchitire manyazi. Munasunga ndalama zaka ziwiri, ndipo ulendo umene munaujambula m'maganizo suchitikanso momwe munaukonzera. Misozi ikabwera ilekeni ituluke. Kumbukiraninso kuti mu Disembala dzuwa ku Leeds limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo mdima wotalika chonchi umafooketsa mtima wa munthu amene anazolowera kuwala kwa kuno. Makatani azitsegulidwa m'mawa, mpando wanu ukhale pafupi ndi zenera, muzivala ndi kudzikonza ngati mukutuluka, ndipo muziimbira anzanu a Mvano pa WhatsApp nthawi ya masana, osati usiku pamene maganizo achuluka. Auzeni zoona zake. Akupemphererani, ndipo ena akusekani pang'ono kuti munapita ku Ulaya kukagona pa sofa, zimene sizoipa kwa munthu wodwala.

Blantyre wa ku Scotland musamufufute msanga. Ali pafupi ndi Glasgow, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo nyumba ya Shuttle Row imene Livingstone anabadwiramo mu 1813 ndi yosungiramo mbiri yake, imene inatsegulidwanso mu 2021 itakonzedwa. Kuchokera ku dzina la malo amenewo ndi kumene amishoni a Church of Scotland anatcha mishoni imene anaikhazikitsa kuno mu 1876, monga mwakhala mukuphunzitsira. Dokotala akaona chithunzi chachiwiri n'kuvomera kuti mukhoza kuyenda, ulendowu ukhoza kutheka mwa mtundu wina. Sitima za ku Britain zili ndi dongosolo laulere lotchedwa Passenger Assist, limene ogwira ntchito amathandiza munthu kukwera ndi kutsika ngati wapempheratu. Imbiranitu ku nyumba ya mbiriyo mufunse masiku amene amatsegula m'nyengo yozizira ndi mmene munthu wa pa chikuku amayendera mkatimo. Koma mukonze chinthu chimodzi chokhachi, osati malo asanu amene munalemba poyamba, chifukwa kuyenda ndi ndodo kumatopetsa mapewa ndi manja kuposa mmene munthu angaganizire. Dokotala akakana, mverani dokotala.

Za tsiku lobwerera, milungu 6 yanu ikutha pambuyo pa 10 Januwale, choncho pali njira ziwiri: kuuluka ndi chikhakha, kapena kusuntha tikiti kuti achotse kaye. Ine ndikanasankha kudikira, ngati dokotala ndi a inshulansi agwirizana nazo, chifukwa Januwale kuno ndi mvula, ndipo misewu yotsetsereka ya m'munsi mwa Michiru ikadzaza matope si malo a ndodo ndi chikhakha chosafuna madzi. Mukasankha kuuluka nacho, pemphani kalata ya dokotala yotsimikiza kuti mukhoza kukwera ndege, ndipo funsani kampani ya ndege malamulo ake, popeza ambiri salola chikhakha chomangidwa kumene pasanathe maola 48 pa ulendo wautali, ndipo ena amafuna kuti chiching'ambidwe m'litali kuti mwendo ukatupa m'mwamba usapanikizike. Chithandizo cha chikuku pa bwalo la ndege ndi chaulere, koma muchipemphe kutatsala maola osachepera 48, ndipo munene momveka kuti simungathe kukwera kapena kutsika masitepe, pa bwalo lililonse limene mudutsepo. Zimenezi n'zofunika kwambiri pa Chileka, pamene anthu amatsika ndege pa masitepe n'kuyenda pansi kukalowa m'nyumba. Pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira. Wa pa khomo lotulukira pa ngozi sadzakupatsani. Mankhwala ndi makalata a chipatala zikhale m'chikwama cha m'manja, ndipo wodzakutengani abwere ndi galimoto imene mungatambasuliremo mwendo ku mpando wa kumbuyo, osati minibasi.

Musachoke ku Leeds opanda kalata yofotokoza chithandizo chonse chimene mwalandira ndi zithunzi za fupa lanu, chifukwa dokotala wa mafupa amene adzakuoneni ku Gulupu kapena ku chipatala china adzafuna kuyerekeza. Chikhakha chikachoka mudzadabwa kuona mwendo utawonda, khungu likufunduka, kakolo atauma gwa. Zimenezi zimachitikira aliyense, ndipo mankhwala ake ndi mafizo, amene mungawapeze ku Gulupu komweko kapena ku Kachere Rehabilitation Centre. Kutupa kwa madzulo kumatha kupitirira miyezi ingapo, choncho nsapato za ku tchalitchi zidzadikire kaye.

FUNSO

Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 31 wa ku Chinyonga. Titangomanga ukwati, ine ndi akazi anga tinapita ku Mauritius kwa sabata imodzi. Tsiku lachitatu ndinabwereka njinga yamoto yaing'ono kuti tizungulire m'mbali mwa nyanja, ndipo pa kona ina ya mchenga tinagwa. Ine ndinangokalika chigongono, koma iwo anang'ambika bondo, anawasoka, n'kuwauza kuti asalowe m'madzi. Mawa lake tinali ndi ulendo wa pa boti wopita ku Île aux Cerfs umene tinalipiriratu, ndipo anatiuza kuti ndalama sabweza. Ndinaona kuti kutaya matikiti onse awiri ndi kuwononga, choncho ndinawasiya mu hotela ali ndi chakudya ndi mankhwala, ine n'kupita, ndipo zithunzi ndinaika pa Facebook. Patha miyezi itatu, koma nkhaniyi imabwerabe tikangosemphana pang'ono, ndipo tsopano yafika kwa ankhoswe. Kuwonjezera apo a inshulansi akana kubweza ndalama za chipatala, akuti ndilibe laisensi ya njinga yamoto. Kodi ndinalakwa chiyani, nanga a inshulansiwa ndingawatani?

Bambo wa ku Chinyonga

YANKHO

Bambo, ndiyambe ndi inshulansi chifukwa ndi yachidule. Mapepala ambiri a inshulansi ya ulendo amanena kuti salipira ngozi ya pa njinga yamoto ngati woyendetsa alibe laisensi yoyenera kapena ngati okwera sanavale zipewa zotetezera mutu, ndipo laisensi ya galimoto siilowa m'malo mwa ya njinga. Wobwereketsa njinga kukupatsani makiyi osafunsa kanthu sikusintha zimene munasainira. Werengani pepala lanu pa gawo la zinthu zimene salipira, ndipo apempheni akulembereni chifukwa chokanira, atchule ndime yake. Ngati ndimeyo mulibe, dandaulani molemba ku kampaniyo, ndipo zikakanika pitani kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amalandira madandaulo okhudza makampani a inshulansi a m'dziko muno. Ngati ndimeyo ilimo, ndalamazo muziwerenge kuti zinapita.

Za akazi anu, munthu wina akavulala pa tchuthi si lamulo kuti mnzakeyo azingokhala pambali pa bedi masiku onse. Odwala ambiri amamasuka mnzawo akatuluka pang'ono, ndipo mayi a ku Chilomoni a m'kalata yoyamba sindikanawalangiza kuti aletse banja lonse kukondwerera Khirisimasi. Koma m'kalata yanu ndafunafuna pamene munawafunsa akazi anu, sindinapapeze. Mwalemba kuti "ndinaona", osati "tinagwirizana". Munawerengera mtengo wa matikiti, pamene iwo ankawerengera zina: linali tsiku lotsatira ngoziyo, ululu usanaphwe, ali m'dziko lachilendo mmene munthu yekhayo amene ankamudziwa ndi inu, ndipo ulendowo unali woyamba m'banja lanu. Amene ankayendetsa njinga ndi inu, wopanda laisensi, koma amene anasokedwa ndi iwo. Kenako anatsegula foni ali chigonere n'kukuonani mukumwetulira pa boti, abale a mbali zonse ziwiri akuyamikira. Ndalama ya tikiti yawo inali itatayika kale, kaya mupite kaya musapite. Chimene munapulumutsa ndi tikiti yanu yokha.

Nkhaniyi ikubwerabwera chifukwa nthawi iliyonse ikatchulidwa mumayankha ndi masamu, monga mwachitira m'kalatayi. Musadikire tsiku la ankhoswe. Khalani nawo pansi, muwafunse mmene tsiku limene lija linathera kwa iwo kuyambira pamene munatseka chitseko, ndipo mumvetsere mpaka amalize osatchula mawu akuti "koma". Pepesani pa zinthu zitatu zimene mungazitchule mayina: njinga, kupita osafunsa, ndi zithunzi. Zithunzizo muzichotse. Funsaninso za bondolo, chifukwa ngati pakatha miyezi itatu likutupabe, likukanika kupindika bwino kapena limagwedera potsika masitepe, mwina mitsempha ya mkati inavulala, ndipo likufunika kuonedwa ndi dokotala wa mafupa. Muwaperekeze nokha, ndipo bilu yake ikhale yanu.

Ankhoswe akadzakhala pansi, nkhaniyo muyambe kuifotokoza ndinu, ndipo muiyambire pa amene anagwira chiwongolero, osati pa mtengo wa boti. Bondo likachira, ku Cape Maclear kuli maboti opita ku chilumba cha Thumbi, ndipo mukanyamuka mu Blantyre m'mawa mumakafika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Tsiku lake asankhe ndi akazi anu.